Kukana mwaulemu pa pepala la Chingerezi

Ntchito yanga kuno ku Mpanshya ndi kulembera anthu makalata. Munthu amafotokoza nkhani yake m'Chisoli kapena m'Chinyanja, ine n'kuiika m'Chingerezi kuti ikawerengedwe ku khonsolo ya Rufunsa, ku ofesi ya zaulimi, kusukulu, kukhoti kapena ku Lusaka. Makalata ofunsira ntchito ndi othokoza savuta. Ovuta ndi otsutsa: dzina lasowa pa mndandanda wa feteleza wa FISP, gulu la amayi lamanidwa ndalama za CDF, malire a munda alembedwa molakwika, chigamulo cha khoti chamulemera munthu. Pa makalata otere ndimayendera mfundo imodzi. Kukanako kuyenera kuoneka poyera, m'chiganizo chimodzi chimene aliyense angaloze ndi chala, ndipo ulemu uzionekera pa mmene tikumusungira munthu amene tikumutsutsayo. Ulemu umene umameza kukana umamupweteka mwini kalata.

Chifukwa chake n'chakuti ulemu wa kwathu umakhala m'malo amene pepala silifikako. Munthu akamatsutsa nkhani pabwalo la a Mfumu Mpanshya amayamba wakhala pansi, amaomba m'manja, amatsitsa mawu, amati "inu" ndi "akuluakulu", mwinanso amadzera mwa nduna. Zonsezi zikachitika, angathe kunena mawu olimba popanda wina kukhumudwa, pakuti thupi lake lapereka kale ulemu. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha wa mfumu, wa mwana ndi wa mdani yemwe, ndipo kalata siigwada. Choncho munthu akangosamutsa zimene zili mumtima mwake n'kulemba kuti "You are wrong" kapena "You are lying", wowerenga amaona chipongwe chimene mwini kalata sankafuna. Ena, poopa zimenezi, amadzaza tsamba lonse ndi "I humbly beg" ndi "kindly assist me", mpaka kalata yotsutsa imasanduka yopempha chifundo. Mkulu wa ofesi akaiwerenga amapeza munthu wosauka amene akupempha thandizo, ndipo kupempha thandizo kungayankhidwe ndi mawu akuti ndalama palibe. Kutsutsa chigamulo kumafuna yankho lina, lofotokoza chifukwa chake chigamulocho chinapangidwa.

N'chifukwa chake ndisanalembe ndimafuna kudziwa chimene munthuyo akufuna kwenikweni, pakuti Chingerezi cha m'maofesi chimasiyanitsa zinthu zitatu. "I wish to complain" ndi kudandaula za mmene anakuchitira. "I object to" ndi kukana chinthu chisanathe, monga pamene munda wa makolo ukufuna kusandutsidwa malo a lizi, zimene lamulo la malo la 1995 limafuna kuti mfumu ndi khonsolo avomereze. "I wish to appeal against" ndi kupempha bwalo lapamwamba kuti lionenso chigamulo chimene chaperekedwa kale. Makolo anati mlandu suwola, koma mlandu wa papepala umawola: wochita apilo kuchoka ku Local Court kupita kwa majisitireti ali ndi masiku 30, ndipo kalata imene yangodandaula osatchula apilo ingathe kumudyera munthu masiku onsewo. Mawu ofunika aja ndimawaika pamzere wa mutu ndiponso m'ndime yoyamba, kuti ngakhale kalaliki wothamanga amene sadzafika kumapeto adziwe kuti wagwira kalata yokana.

Kukana kukakhazikika, ulemu umayamba ntchito yake, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusuntha mlandu kuchoka pa munthu kupita pa nkhani. M'malo monena kuti mwalakwa, ndimalemba kuti "I do not agree with this decision". M'malo monena kuti mwanama, ndimalemba kuti "My receipt shows a different amount", n'kuikapo kope la lisitilo. Pamene pangakhale kusamvana, "My understanding is that" amanena mbali ya mwini kalata popanda kutcha wina wabodza. Ndimatchulanso chimene ofesi inachita bwino ngati chilipodi, n'kumaliza ndi pempho lotheka: "I request that the decision be reviewed". Mawu akuti "with all due respect" sindiwakonda, ngakhale ambiri amawaona ngati chipewa chovulidwa pamaso pa akulu, chifukwa eni Chingerezi ambiri akawamva amayembekezera kuti chotsatira ndi mwano. Mawu ngati "noted" ndi "it is okay" ndi oopsa koposa, pakuti munthu amawanena akungotanthauza kuti wamva, koma m'faelo amawerengedwa ngati kuvomera.

Akuluakulu ena amanditsutsa. Amati kulemba "I object" kwa bwana wa boma n'kupanda mwambo, ndipo munthu wa kumudzi amapindula akadzichepetsa. Nkhawa yawo ndi yomveka. Chichokereni 2012, pamene Rufunsa inapatulidwa ku Chongwe n'kukhala boma palokha, maofesi anayandikira, ndipo amene akuwerenga kalata yako angakhale munthu amene mudzakumana naye kutchalitchi, pamaliro kapena pamzere wa chipatala cha St. Luke's. Koma mwambo wathu sunaletsepo kukana. Pabwalo munthu amakana momveka, ndipo mboni zimamumva. Kalata imapita kumene kulibe mboni, imawerengedwa patapita miyezi ndi munthu amene sanaone nkhope ya mwini wake, mwina bwana uja atasamutsidwa kale. Wowerenga wachiwiriyu alibe njira yodziwira kuti pansi pa mawu odzichepetsa panali kukana. Ngati sikunalembedwe, ndiye kuti kulibe.

Achinyamata amanditsutsa kuchokera mbali inayo. Amati kufewetsa mawu ndi mantha otsalira a nthawi ya atsamunda, ndipo wakuba ayenera kutchedwa wakuba. Yankho langa ndi lakuti kalata ili ndi cholinga, ndipo cholingacho ndi chakuti chigamulo chisinthe. Munthu amene watchedwa wakuba papepala amayamba kudziteteza, ndipo kusintha chigamulo kumakhala ngati kuvomera mlanduwo. Amene wauzidwa kuti manambala a m'buku lake akusiyana ndi a pa lisiti angathe kukonza popanda kuchita manyazi. Komanso kuneneza munthu mlandu wa kuba popanda umboni kungabwerere mwini kalata monga mlandu woipitsa mbiri. Mawu ofatsa amene ndimasankha sachotsapo tsiku, dzina la ofesi, chiwerengero cha matumba kapena ndalama. Umboni wolembedwa bwino umaluma kuposa mawu aukali, ndipo ngati nkhani ikufunika kupita kupolisi kapena ku Anti-Corruption Commission, kalata yodekha ndi imene imakhala maziko abwino.

Funso lalikulu ndi lakuti n'chifukwa chiyani mlimi wa ku Mpanshya ayenera kukana m'chinenero cha eni. Malamulo aakulu a dziko lino amati chinenero cha boma ndi Chingerezi. Chinyanja chili pakati pa zinenero 7 zimene boma limagwiritsa ntchito m'sukulu ndi pawailesi, koma Chisoli palibepo. Ine ndingakondwe tsiku limene munthu adzatsutsa chigamulo m'chinenero cha amayi ake n'kuyankhidwa momwemo, ngakhale tsikulo lidzachepetsa ntchito yanga. Pakali pano udindo uli pa ife olemba, ndipo ndi wolemera, chifukwa amene akudinda chala pansi pa kalata nthawi zambiri sangaiwerenge. Lamulo langa ndi lakuti kalata isatuluke ndisanaibweze kwa mwini wake m'chinenero chake, chiganizo ndi chiganizo, kuti amve pamene wakana ndi pamene walemekeza. Akaona kuti ndafewetsa kuposa mmene iye akufunira, kapena ndaumitsa kuposa mmene angapirire pamaso pa anthu, timakonza. Kenaka amatenga makope awiri, limodzi lotsala ku ofesi, lina lobwera nalo kunyumba litadindidwa tsiku limene analandira, kuti aliyense amene adzafunse m'tsogolo adzaone kuti munthuyu anakana, anakana pa nthawi yake, ndipo sananyoze munthu.