Mtengo wa Kavalo Wopulumuka

Ndinakulira ku Gadzema, pafupi ndi tauni ya Chegutu imene mpaka 1982 inkatchedwa Hartley. Dzinali linali la Henry Hartley, mlenje wa njovu amene mu 1867 anafika ndi Karl Mauch pa migodi yakale ya golide m'dera lino.

Alenje a nthawi imeneyo ankasaka atakwera akavalo, ndipo pogula kavalo, kukongola ndi liwiro zinkabwera pambuyo. Funso loyamba linali lakuti: kodi anadwalapo? Nthenda ya akavalo, yofalitsidwa ndi tintchentche toluma usiku m'dzinja, inkapulula ziwetozi. Kavalo amene wadwala n'kuchira ankakhulupiriridwa kuti nthendayo sidzamuphanso. Azungu ankamutcha wothiridwa mchere, ndipo mtengo wake unkaposa wa mnzake kangapo, ngakhale akhale wokalamba. N'chifukwa chake wogula ankaumirira umboni, poti ogulitsa ena ankanama.

Nkhaniyi ndinaimva kwa agogo anga aamuna, amene anayenda pansi kuchokera ku Dedza kudzakumba golide yemweyo. Iwo anapulumuka malungo panjira, chibayo m'komboni, ndiponso mwala umene unawathyola phewa pansi pa mgodi.

"Mdzukulu wanga," ankatero, "kavalo akachira mtengo umakwera. Ine nditachira anandiuza kuti ndatha ntchito."

Ankaseka ponena zimenezi, ifenso ana n'kumaseka nawo. Ndazindikira nditakula kuti agogo sankasimba za kavalo ayi. Ankatiuza mtengo wawo, umene panalibe anawalipira.