Nambala ya pa chotupa cha m'mimba

Komatu khansa ya m'mimbayi ndi yochenjera. Ndangowerenga za puloteni ina yotchedwa PD-L1, imene imapezeka kunja kwa maselo a chotupa. Asilikali a m'thupi, aja amati ma T cell, akafika kuti athane nacho, puloteniyi imagwirana ndi inzake ya PD-1 yomwe ili pa asilikaliwo. Basi iwo manja lende, chotupa n'kumakula.

Madokotala amadula kanyama kakang'ono pa chotupacho, kukapaka mankhwala, n'kuwerenga pa maikulosikopu maselo amene asanduka abulauni. Apo m'pamene pamachokera nambala yotchedwa CPS. Pa kafukufuku wa CheckMate 649, mwa odwala khansa yofalikira amene CPS yawo inali 5 kapena kuposa, theka la omwe analandira nivolumab, mankhwala otsekereza PD-1 uja, pamodzi ndi chemotherapy anakhala ndi moyo kupitirira miyezi 14, pomwe kwa olandira chemotherapy yokha inali miyezi 11. Wina ati miyezi itatu n'chiyani, koma kafunseni amene akudwazika mayi ake.

Chikundivutitsa maganizo n'chakuti pa chotupa chimodzi chomwecho, mbali iyi puloteniyo imakhala yambiri, mbali inayo yochepa. Kanyama kakatengedwa pena, nambala imatha kusintha. Ndipo wasayansi Tasuku Honjo anatulukira PD-1 kale mu 1992 ku Kyoto, koma mpaka lero mankhwala ngati nivolumab ndi okwera mtengo moti odwala ambiri m'mayiko osauka amangowamvera mbiri.

Anzanga, mukanakhala inuyo pa bedi paja, mukanafuna dokotala akuuzeni nambala imeneyi, kapena bola osaidziwa?