Njinga ya chitsulo ya Oom

Pa mpikisano wa Cape Epic, ife amakanika timagwira ntchito ena akamagona. Opalasa amanyamuka m'mawa, akatswiri n'kufika cha m'ma 12 koloko, koma chinamtindi cha anthu chimatulukira dzuwa litapendeka, ena nthawi itatsala pang'ono kuwatsekera kunja. Aliyense akafika amakankhira njinga kwa ife n'kupita kukasamba. Pofika m'bandakucha njingayo iyenera kukhala yotsuka, magiya akulowa bwino, mabuleki akugwira. Zimatero kwa masiku 8, ndipo msasa ukamasamukira tauni ina, ifenso timapakira zida n'kutsatira.

Mpikisanowu anauyambitsa ndi Kevin Vermaak mu 2004. Anthu amapalasa awiriawiri, ndipo lamulo limati awiriwo asatalikirane kupitirira mphindi ziwiri. Mu 2007, chaka chomwe ndinayamba kugwirako ntchito, unkayambira ku Knysna, ndipo mtunda wake unkapitirira makilomita 800. Anapambana ndi Karl Platt ndi Stefan Sahm a ku Germany, koma njinga za anthu ngati amenewo sizifika m'manja mwathu, ali ndi amakanika awoawo. Ife timalandira za madokotala, maloya ndi eni makampani, anthu oti njinga yawo imodzi ingagule malo ndi kumangapo nyumba yamalata kwathu.

Ntchitoyi ndinaiphunzirira pansi pa mtengo ku Salima, kwa amalume anga, pa njinga za akabaza. Kumeneko ndinadziwa kumata chubu, kukhoma kotapini, kuthira girisi m'habu ndi kuwerenga mabolo kuti lisasowe ndi limodzi lomwe, komanso kuwongola limu ndi masipoko popanda chipangizo china koma chala ndi diso. Nditafika ku Cape Town ndinapeza zina zachilendo. Mabuleki ake ndi a mafuta, ndipo mafutawo ndi amitundu iwiri: a Shimano ndi ena, a Avid ndi SRAM a nthawi imeneyo ndi ena, ukasakaniza mphira za m'kati zimafufuma, buleki yatha. Fulemu ya kaboni siimangidwa ndi mphamvu za mkono monga timachitira kwathu. Pali sipanala yoyeza, ikangolira kuti "khe" umasiya pomwepo. Matayala alibe chubu. Timathiramo madzi oyera okhala ndi mphira, ndipo munga ukalasa, madziwo amathamangira pabowo n'kuuma. Ku Karoo, komwe minga ili paliponse, munthu wa chubu amangokhalira kumata anzake akupita.

Usiku wa pa Epic uli ndi ndondomeko yake. Choyamba ndi kutsuka, ndipo apa ndi pomwe njinga zambiri zimafera. Anyamata otsuka akaloza paipi ya mphamvu pa habu kapena pakati pomwe pamazungulira mapedulo, madzi amakankha girisi n'kulowetsamo mchenga. Patapita masiku awiri mwiniwake amabwera akudandaula kuti njinga ikulira. Kenako timayeza tcheni ndi kachitsulo kake, chifukwa tcheni chikatalika ngakhale pang'ono chimayamba kudya mano a magiya, ndipo magiya ndi okwera mtengo kuposa tcheni. Tikatero timayang'ana mabuleki. Tsiku la mvula, matope amatha timapadi ta buleki ngati sopo wosiyidwa m'madzi, tatsopano m'mawa, madzulo chitsulo chokhachokha. Pomaliza timagwira sipoko iliyonse, kuyang'ana m'mbali mwa tayala ngati mwala sunachekemo, n'kukwera njingayo kuzungulira tenti kuti timve ndi khutu zomwe diso laphonya.

Anthu ambiri sadziwa n'komwe nkhope ya amene wawakonzera njinga. Sindikuwanena, amakhala atatopa kwambiri moti ena amagona chakudya chili m'manja. Koma mkulu wina ankabwera usiku uliwonse. Anali mzungu wolankhula Chiafrikaans, wa zaka zopitirira 50, wamtali, wakhungu lopsa ndi dzuwa, ndipo iye ndi mnzake ankafika pakati pa omalizira tsiku lililonse. Ankatsuka yekha njinga yake ndi ndowa ndi kansanza, n'kubwera nayo atanyamulanso fulasiki ya khofi ndi masikono ouma aja amaviika mu khofi. Ankakhala pa bokosi la zida n'kumaonerera. Poyamba ndinkaganiza kuti sakundikhulupirira, poti alipo azungu ena amene akaona munthu wakuda wagwira njinga yawo amaima pomwepo mpaka amalize. Koma usiku wina ndikuwongola limu lawo lakumbuyo anandifunsa kuti:

"Malawi, bwanji ukumasula mbali iyi usanamange inayo?"

Ndinawauza kuti ukangomanga osamasula, limu limawongoka m'mbali koma limayamba kudumpha. Anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi mmene zilili ndi mapiko a mjigo wa mphepo. Ndi pomwe ndinadziwa ntchito yawo. Ankayenda m'mafamu a nkhosa a ku Karoo kukonza mijigo ija yoyendera mphepo, ya Climax ndi ina, kukwera pamwamba kukasintha oyilo, kutulutsa mapaipi pansi kuti asinthe zikopa za mu silinda. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatchula kuti Oom, monga achinyamata a kumeneko amaitanira bambo wamkulu, iwo n'kumanditchula dzina la dziko langa mpaka mapeto.

Njinga yawo inali yachitsulo, pakati pa njinga za kaboni ndi aluminiyamu. Anzawo ankawaseka kuti akukoka geti la pafamu. Iwo ankayankha kuti chitsulo chikathyoka, famu iliyonse ili ndi munthu wowotcherera, pomwe kaboni ikasweka umangoyitana galimoto. Pa mfundo imeneyi ine ndinali mbali yawo, ndipo ndidakali komweko. Njinga yopepuka ndi ya munthu amene makanika wake akumudikira kutsogolo.

Mu Meyi 2008 chipwirikiti chothamangitsa alendo chinayamba ku Alexandra, ku Johannesburg, ndipo patangotha masiku ochepa chinafika ku Cape Town. M'dziko lonse anthu 62 anaphedwa. Ine ndinkakhala ku Du Noon, komwe masitolo a Asomali anathyoledwa ndipo alendo tonse tinathawa ndi zomwe tinavala. Foni yanga inalira usiku, anali Oom. Sanafunse ngati ndili bwino. Anangoti, "Malawi, uli pati? Ima pomwepo." Anayendetsa galimoto yawo ya bakkie maola angapo kuchokera ku Karoo, ndipo kutacha anandipeza pafupi ndi polisi pomwe tinasonkhana. Anaumirira kuti tibwerere ku kachipinda kanga tikatenge bokosi la zida. Ndinawauza kuti n'zoopsa, iwo anati munthu wa ntchito zamanja akataya zida amakhala wopemphapempha, ndipo zimenezo sangalole. Tinakalipeza, poti akuba anatenga wailesi ndi matiresi n'kusiya bokosi lolemeralo pansi pa tebulo. Ndinakhala kwawo mpaka zinthu zitazizira, ndikuwathandiza kukoka mapaipi a mijigo. Mayi a kunyumbako ankandiphikira phala la ufa wachimanga lolimba poganiza kuti ndi nsima. Sinali nsima, koma ndinkadya n'kuthokoza.

Patapita zaka zingapo anabwera ku shopu komwe ndimagwira ntchito n'kunena kuti Epic yawakwana, akufuna Freedom Challenge. Uwu ndi mpikisano wina, woyambitsidwa ndi David Waddilove, ndipo amakanika timauopa ndi kuulemekeza. Umayambira pa holo ya mzinda wa Pietermaritzburg m'mwezi wa Juni, pakati pa nyengo yozizira ya kumeneko, n'kukathera ku Diemersfontein, ku Wellington, mtunda wopitirira makilomita 2,000. Munthu amapatsidwa masiku 26. Njira ilibe zikwangwani, GPS ndi yoletsedwa, umayenda ndi mapu ndi kampasi. Opalasa amagona m'mafamu ndi m'midzi, komwe aliyense amatumiziratu timabokosi ta ayisikilimu ta malita awiri, atalongedzamo zomwe adzafune akadzafika pamenepo. Galimoto yokutsatira palibe, makanika palibe. Ukamaliza sulandira ndalama, amakufunditsa bulangete.

Ndiye ntchito yanga yonse inayenera kuthera mu shopu, njinga isananyamuke. Ndinamanganso mawilo onse awiri ndi masipoko 32 lililonse, a mtundu wamba wopezeka m'shopu ya tauni iliyonse, osati aja opyapyala ofuna kuitanitsa. Masipoko apadera ndinawamangirira ndi tepi pa fulemu. Ndinaika matayala okhuthala m'mbali, ngakhale amalemera, chifukwa miyala ya ku Karoo imacheka ngati mpeni. Mabelingi onse ndinasintha, ngakhale omwe anali asanathe. Tinakhala pansi ndi mapu n'kugawa zinthu m'timabokosi tija: timapadi ta buleki tambiri kuchiyambi, komwe kuli zigwa za Umkomaas ndi matope, tcheni chatsopano cha pakati pa ulendo, timabotolo ta madzi a m'matayala komwe minga imayambira.

Koma chachikulu chinali kuwaphunzitsa, ndipo apa ndinali wankhanza pang'ono. Munthu amatha kulumikiza tcheni masana ali pa benchi, koma njinga siithyoka masana pa benchi. Imathyoka usiku, pa phiri, zala zitauma ndi chisanu. Choncho ndinkawaitana madzulo titatseka shopu, n'kuzimitsa magetsi, n'kuwauza kuti aviike manja m'ndowa ya madzi oundana, kenako adule tcheni ndi kuchilumikiza ndi tochi ya pamphumi yokha. Ndinawaphunzitsa kusoka tayala long'ambika ndi ulusi wotsukira m'mano n'kuikamo chigamba cha chubu cha mankhwala otsukira mano m'kati. Ndinawaonetsa zochita kachipangizo kosinthira magiya kakumbuyo kakathyoka: kukachotsa, kufupikitsa tcheni, n'kusankha giya imodzi yoti ifike nawo ku famu yotsatira. Ndinawauzanso za kwathu, kuti zonse zikakanika, tayala umalifutsa udzu wouma mpaka lilimbe, n'kumapita pang'onopang'ono. Anaseka, koma analemba m'kabuku kawo. Munthu wa zaka zoti n'kukhala bambo anga ankandiyankha kuti "Inde, aphunzitsi," ndipo sankanena mwachipongwe.

Anamaliza, patatsala masiku ochepa kuti nthawi ithe. Anasenza njinga pa Lehana's Pass popita ku Rhodes chipale chofewa chili mbuu, anadutsa Baviaanskloof, anatsikira ku Gamkaskloof komwe amakutcha Die Hel, ndipo tsiku lomaliza analimbana ndi zitsamba za Stettynskloof, chigwa chomwe munthu sapalasa n'komwe, amangokoka njinga kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Atabweretsa njinga ku shopu ndinaiona kuti buleki yakumbuyo yadya chitsulo mpaka chimbale chake chachita mizere. Ndinawafunsa kuti timapadi tonse tinalongedza tija tinapita kuti. Anayamba kukamba za nyengo. Nkhani yake ndinaimva kwa wopalasa wina amene anabwera ku shopu patapita milungu: Oom anapatsa timapadi tawo mtsikana wina amene mabuleki ake anatha pakati pa mapiri, pampu yawo yapadera anasiyira mnyamata woweta nkhosa amene anawalozera njira, ndipo anataya theka la tsiku akukonza mjigo pa famu ina pomwe anagona, chifukwa anaumva ukulira molakwika usiku ndipo tulo sitinabwere. Monga makanika, zinandipsetsa mtima. Zida zija tinaziwerengera kuti zikwanire munthu mmodzi, ndipo kutsika mapiri amenewo ndi buleki yakutsogolo yokha ndi kusewera ndi moyo. Ndinawauza zimenezo. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, n'kundifunsa mtengo wa chimbale chatsopano.

Ntchito yathu yasintha kuchokera nthawi imeneyo. Mawilo a mainchesi 26 anatha, ambiri ali pa 29. Magiya atatu akutsogolo anasanduka imodzi. Njinga zina tsopano zimasintha magiya ndi batire, ndipo pozikonza umayamba watsegula foni. Zimayenda bwino, sindikana, koma munthu sangazikonze pa phiri ndi zala zouma. Oom sanasinthe njinga yawo. Ankabwera nayo chaka chilichonse, ine n'kumasakasaka zida zake zomwe zinayamba kusowa m'mashopu.

Anamwalira ndi matenda a mtima, kunyumba kwawo. Ku maliro kunali alimi, antchito a m'mafamu ndi opalasa njinga ochepa, ndipo mwambo wonse unatha msanga kuposa mmene ife timaperekezera munthu. Patapita mwezi mwana wawo wamkazi anabwera ku shopu ndi njinga ija pa bakkie, n'kunena kuti bambo ake analemba kuti ipite kwa Malawi. Sanadziwe ngati ankatanthauza munthu kapena dziko.

Ndinaganiza kuti ikhale zonse ziwiri. Ndinachotsa mabuleki a mafuta n'kuika a waya, chifukwa ku Salima palibe amene angakhale ndi mafuta ake. Ndinabwezeramo machubu. Foloko ya sipuling'i ndinaisintha ndi yachitsulo wamba. Ndinaipereka kwa amatransipota a ku Johannesburg, n'kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka kukalowa pa Dedza, kupita kwa mdzukulu wa amalume anga aja. Mnyamatayo sanachedwe, anapita nayo kwa wowotcherera n'kumatapo keliyala yaikulu, ndipo pano imanyamula nsomba kuchokera ku Senga Bay kupita ku msika wa pa boma. Mwezi wathawu anandiimbira kuti limu lakumbuyo layamba kudumpha ndipo masipoko awiri aduka. Ndinamufunsa kuti amakweza madengu angati, anati atatu basi. Ndikudziwa kuti ndi asanu. Masipoko ndamugulira, akudikira munthu wopita kumudzi.