Pa Chipata cha Mwanza

Inu amene mudakwerapo basi ya ku Johannesburg mukuchidziŵa chipata cha Mwanza, pamene malole opita ku Tete amandandalika ndipo amayi amatsatsa manachesi m'mazenera. Pamenepo ndidatsanzikana ndi mwana wanga wachisamba mu Januwale 2020, tikuti tidzaonana pa Pasaka.

Koma mliri wa Covid-19 udafika. Sukulu zathu zidatsekedwa pa 23 Malichi, ndipo sabata lomwelo South Africa idatseka malire ake. Mu Meyi, nditamva kuti mabasi akubweza anthu athu kumudzi, ndidapitanso kuchipatako. Manachesi adali atapsa, koma ogula adali oŵerengeka. Ndidaima patali, nkumayang'ana zenera lililonse. Mwana wanga munalibemo.

Nditabwerera kwathu, ndidatenga kope la ana asukulu, ndipo madzulo alionse ndinkamlembera za zokolola, za mapemphero a m'nyumba, za kudwala kwa agogo ake. Zina sindikadatha kuzinena pa foni.

Adabwera mu 2021. Adaŵerenga kope lonselo usiku umodzi pakhonde, ndipo kutacha adati, "Bambo, kandionetseni pamene mudaŵagoneka agogo."