Phiri la Domwe likabisala

Pamudzi wina kufupi ndi Domwe pali gogo amene safuna kalendala. Kalendala yake ndi phiri. Mu Epulo, mvula itangokata, phiri la Domwe limaoneka bwino mpaka miyala yake. Koma ikafika Seputembala, phiri lonselo, lotalika mamita oposa 2,000, limabisala m'chifunga chotuwa, ndipo dzuwa limalowa lofiira ngati khala la moto.

Kwa zaka zambiri gogoyu ankati ndi mmene chilimwe chimakhalira basi. Anayamba kuganiza mwina chifukwa cha mdzukulu wake wa zaka zisanu amene amadwala mphumu. Dzinja lonse mwanayo amasewera bwinobwino. Chifuwa chimamuyamba mu Juni, n'kudzafika poipa mu Seputembala ndi Okutobala, pamene amachezera usiku chokhala, pachifuwa pakulira ngati likhweru.

"Agogo, kodi mwanayu akupuma zotani kunyumba?" anafunsa namwino tsiku lina kuchipatala. Gogo anasowa choyankha. Koma pobwerera, atabereka mwanayo, anayamba kuwerenga moto umene ankauona m'njira. Asanafike pakhomo anali atawerenga malo asanu ndi awiri.

Utsi umene maso amauona si ndiwo woopsa wokha. Muli tinthu ting'onoting'ono timene akatswiri amatitcha PM2.5, tochepa kwambiri moti 30 titandandalikidwa ndi pamene tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Fumbi lalikulu limakodwa m'mphuno, munthu n'kuyetsemula. Koma timeneti timalowa mpaka mkati mwa mapapo, tina n'kufika m'magazi. M'chaka cha 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatsitsa ndi theka mlingo wa tinthuti umene limati usapitirire mumpweya pa chaka, litaona kuti ngakhale tochepa timavulaza.

Nyengo iliyonse ili ndi utsi wake. Mu Juni ndi Julaye kuno ku Angonia kumazizira zedi, ndipo anthu amaotha moto atatseka zitseko. Usiku mpweya wozizira umatsikira m'madambo, wofunda n'kukhala pamwamba ngati chivundikiro cha mphika. Utsi umasowa kothawira, choncho umagona pamudzi mpaka dzuwa litakwera. Kuyambira Ogasiti kumabwera moto wa tchire: ena akusaka mbewa, ena akusosa ndi kutentha mapesi, ena akuotcha njerwa ndi makala. M'matauni monga Ulongwe ndi Tete, pamwamba pa zonsezi pamaonjezekera utsi wa magalimoto, wa mbaula ndi wa zinyalala, pomwe ku Moatize kulinso fumbi la malasha.

Akatswiri amadziwa gwero la utsi poyeza zomwe zili mkati mwake. Wa nkhuni ndi udzu umakhala ndi mwaye komanso potaziyamu, mchere womwe uja umapatsa mphamvu chidulo chothira m'therere. Wa malasha umadziwika ndi safa. M'chaka cha 2000, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000, ndege zoyeza mpweya zinatsata utsi wa moto wa tchire wa kum'mwera kwa Africa ukuyenda ngati mtsinje mpaka kukafika pamwamba pa nyanja ya Indian. Utsi sufunsa chiphaso pa chipata cha Kalomwe: wa ku Dedza umagona ku Angonia, wa ku Angonia n'kukadzuka ku Dedza.

Gogo uja sadziwa potaziyamu, koma moto amaudziwa. Chaka chimenecho mapesi ake sanatenthe, anawakwirira m'mizere kuti aole. Anayamba kuphikira panja ndi nkhuni zouma, ndipo mdzukulu wake samugonekanso m'nyumba mofuka utsi. Anzake anamuseka kuti akusunga chiswe m'munda. Iye anangoti, "Anzanga, chiswe sichinandigonetsepo kuchipatala."

Munda umodzi sungayeretse thambo, mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake gogoyu anapita kwa a mfumu kukapempha kuti nkhani ya moto wa tchire ikambidwe pabwalo chilimwe chisanafike. A mfumu anavomera, ngakhale anyamata a mbewa sanakondwe.

Chizimalupsa chikagwa, chimatsuka thambo usiku umodzi. M'mawa mwake phiri limaonekanso, ndipo mwana uja amagona tulo. Gogo amayamika mvula, komabe amafunsa: kodi mwana azidikira mvula chaka ndi chaka kuti apume?