Mnyamata Wofuna Kuciza ndi Kulira kwa Citsulo

Pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kunka ku Katete pali misyoni ya Madzimoyo, imene amisyoni a Dutch Reformed Church anaimanga m'caka ca 1903, patapita zaka zinai cimangire Magwero. Pafupi pamenepo panakulira mnyamata wina, mwana wa mkulu wa Mpingo. Ali pa sukulu nchito yace inali kuliza belo, ndipo belolo linali citsulo ca gudumu la galimoto copacikidwa pa mtengo. Atacimenya anali kukonda kuima cete, namvetsera kulira kwace kufikira kutazirala.

Atatsiriza sukulu anakhala miyezi yambiri wosapeza nchito. Tsiku lina anaona pa foni cinthu codabwitsa. Ku London ndi ku Johannesburg kuli anthu amene amalipira ndalama kuti akagone pa mphasa m'nyumba ya cete, atapfunda mabulangete, ndipo wina amawaombera mbale zazikulu zamkuwa zochedwa gong, zimene amisiri a ku China ndi ku Java akhala alikusula kuyambira kale lomwe. Amaziomba pang'onopang'ono ndi ndodo yokulungidwa nsaru, monga ora limodzi. Azungu amakucha gong bath, ndiko kunena kusamba, ngakhale madzi palibe. Amati kulirako kumamiza thupi lonse, nkhawa nizicepa, tulo nitibwera. Wofuna nchitoyi amalipira maphunziro, nalandira cikalata, nagula mbale zace. Mnyamata uja anaganiza mumtima kuti, “Kodi si cimene ndinali kucita ine pa sukulu paja kopanda malipiro?”

Masiku omwewo azakhali ace anali kudwala. Cimwalirire mwana wao anali wosadya, wosagona, wongokhala pa khonde kuyang'ana pansi. Ku cipatala anawapima magazi, koma malungo sanapezeke. Akazi a pamudzi anati, “Awa ndi mashawe, afunika ng'oma.” Atate a mnyamatayo anakana kolimba, pakuti Mpingo suloleza zotere, koma abale ena anamtenga wodwalayo mwakacetecete kunka naye kwa mai wina, sing'anga wocokera ku Lundazi, kumene Atumbuka amabvina vimbuza. Guleyu ndi wochuka, ndipo m'caka ca 2005 bungwe la UNESCO linamwerengera pakati pa cuma ca mitundu yonse ya anthu. Mnyamatayo anapita nao, kunena zoona, pofuna kuona ngati muli ndalama m'menemo.

Asanayambe kanthu maiyo anafunsa ngati wodwalayo alikutsokomola kapena kutentha thupi, nati, “Wa cifuwa cacikulu ndi wa malungo ine sindimuombera ng'oma, ameneyo apite ku cipatala.” Mau awa ayenera kukumbukika, popeza alipo asing'anga ena aumbombo amene amasunga wodwala wotere kufikira mpata wa mankhwala utatha, monganso kuli ena ku maiko a kutali onena kuti gong imaciza nthenda iri yonse.

Madzulo anawamba ng'oma zitatu pa moto, namata phula pakati pa cikopa. Akazi ndi ana anakhala mozungulira, nayamba kuyimba ndi kuomba m'manja. Wodwalayo anamubveka mangwanda, ndiwo timabelo ta citsulo, namkhazika pakati. Woomba mmodzi sanafike, tsono mnyamata uja anapempha ng'oma yaing'ono, naiomba ndi mphamvu zace zonse kuti anthu amtame. Mkulu woomba ng'oma yaikulu anamgwira dzanja nati, “Mwanawe, ng'oma yoliritsa sicedwa kung'ambika. Leka kudzimvera wekha. Penya mapewa a azakhali ako.”

Pamenepo anazindikira kuti mkuluyo sanali kungoomba, koma anali kufunafuna. Amati mzimu uli wonse uli ndi kaombedwe kace. Anayesa kamodzi, wodwala ali duu. Anasintha, akazi nasinthanso nyimbo. Anayesa kena, osatheka. Usiku unafika pakati. Pomariza anagwa pa kaombedwe kena kofulumira, ndipo mapewa a mai uja anayamba kunjenjemera. Anaimirira, mangwanda nalira, ndipo tsopano iye ndiye anali kutsogolera, ng'oma zirikutsata mapazi ace. Anabvina, nalira misozi, nachula dzina la mwana wace, limene sanalichule ciikire maliro. Panalibe womletsa. Akaziwo anangokweza nyimbo kufikira tambala woyamba.

Kutaca mnyamatayo anagwada kwa sing'angayo nati, “Agogo, kodi munthu amaphunzira kuti nchito imeneyi, ndipo amalipira zingati?” Iwo anaseka nati, “Ine sindinaifune, mdzukulu wanga. Ndinadwala nthawi yaitali monga alikudwalira azakhali akowa, ndipo anandibvinitsa kufikira nditadziwa nyimbo zanga. Amene sanakhalepo pakati paja adzadziwa bwanji za wokhala pakati? Koma kuomba kokha ungaphunzire, ngati uli ndi maso.”

Ngati unali mzimu, kapena cisoni cimene cinasowa potulukira, akulu a Mpingo ndi asing'anga sadzabvomerezana msanga. Cooneka ndi maso cinali cakuti azakhali aja anadya nsima masana amenewo, ndipo patapita sabata anatenga khasu.

Atate ace atamva, anamdzudzula kwambiri. Mnyamatayo anayankha mwaulemu nati, “Pepani Atate, koma suja munatiwerengera za Davide, kuti anali kuyimbira mfumu Sauli zeze pamene mtima wace unabvutika?” Iwo anati Davide sanaitane mizimu ya akufa, ndipo mkanganowo unathera pomwepo osagwirizana. Tsiku la Mulungu mnyamatayo amakhalabe pa benci la anyamata m'chalichi. Loweruka madzulo amabwereka njinga kunka kwa mkulu uja, amene kufikira tsopano sanamlole kukhudza ng'oma yaikulu.