Wotsina Khutu ndi Kazitape

Tsiku limene mayi aja adafika ku ofesi kwanga koyamba, sadakhale pansi msanga. Adaimirira pafupi ndi chitseko, atafumbatira chikwama pachifuwa, nandifunsa kuti: "A loya, zimene ndikufuna kukuuzanizi zindisandutsa munthu wotani?" Anthu ambiri obwera kwa ine amayamba ndi kufunsa ngati adzachotsedwe ntchito kapena kumangidwa. Mayi awa nkhawa yawo idali pa dzina lawo.

Ndakhala ndikugwira ntchito ya uloya ku America kwa zaka zoposa 20, ndipo pafupifupi milandu yanga yonse ndi ya anthu amene amatsina khutu boma akaona mabwana awo akuba ndalama za anthu. Koma ndidabadwira ku Malawi, ndipo ndidakula m'masiku a chipani chimodzi, pamene dzina lakuti kazitape linkaopsa kuposa la mfiti. Malume anga, amene adali mphunzitsi wa kupulayimale, adatengedwa usiku kaamba ka mawu amene adalankhula pamowa. Wina mwa omwe adamwa nawo adakawanenera. Adabwerako patatha zaka zitatu, ndipo kuyambira pamenepo sadalankhulenso pagulu. Mayi anga adatilera ndi lamulo limodzi, lakuti zimene maso aona zisatsikire pakamwa. Nditawafotokozera ntchito imene ndidapeza kunja, adakhala chete kwakanthawi, kenaka adati: "Mwanawe, ndiye kuti ukudyera akazitape?" Funso la mayi anga ndi funso la mayi a ku ofesi aja ndi limodzi, ndipo landitengera zaka zambiri kuti ndiliyankhe.

Lamulo limene ndimagwiritsa ntchito limatchedwa False Claims Act. Lidakhazikitsidwa mu 1863, Abraham Lincoln ali pulezidenti, nkhondo yapachiweniweni ili mkati. Amalonda ena ankagulitsa kwa asilikali nyulu zodwala, chakudya chowola ndi wonga wa mfuti wosakaniza ndi utuchi, boma n'kumalipira ngati katundu wabwino. Opanga malamulo adazindikira kuti amene amadziwa kuba kotere ndi anthu a mkati momwemo. Choncho adalola kuti munthu wamba asumire wakubayo m'malo mwa boma, ndipo ndalama zikabwezedwa iye alandireko gawo. Njirayi, imene idachokera ku malamulo akale a ku England, maloya amaitcha qui tam. Mu 1943 lamuloli lidachotsedwa mano, koma mu 1986 aphungu awiri, Charles Grassley ndi Howard Berman, adatsogolera ntchito yolilimbitsanso. Kuchokera pamenepo wopezeka wolakwa amabweza katatu ndalama zimene adaba. Woulula amalandira pakati pa 15 ndi 25 peresenti ngati boma lautenga mlanduwo, kapena mpaka 30 peresenti ngati waumenyera yekha ndi maloya ake. Gawo lalikulu la ndalama zimene boma lalanditsa m'zaka zapitazi lachokera ku ntchito zaumoyo, makamaka ku Medicare ndi Medicaid, mathumba amene adakhazikitsidwa mu 1965 kuti azilipirira chithandizo cha okalamba ndi osauka.

Mayi aja adali namwino pa kampani yosamalira anthu amene ali pafupi kutsikira kulichete. Medicare imalipira kampani zotere pa tsiku lililonse limene wodwala ali m'kaundula wawo, malinga dokotala atatsimikiza kuti munthuyo sangapitirire miyezi isanu ndi umodzi. Wodwalayo naye amavomera kusiya chithandizo chofuna kuchiza matenda akewo, n'kumangolandira chochepetsa ululu. Kampaniyi idayamba kulemba m'kaundula nkhalamba zimene sizidali pafupi kufa. Anamwino ankauzidwa kuti azilemba m'mafayilo kuti wodwala akuonda ndiponso akukana chakudya. Mayiwa adandiuza za gogo wina amene adakhala m'kaundula wa oyembekezera imfa zaka zitatu, uku akulima tomato kuseri kwa nyumba yake. Pamenepo tidaseka tonse. Koma adandiuzanso za bambo wina amene adasiya kupita naye kwa dokotala wa mtima chifukwa mapepala adati palibenso chochita, pamene chochita chidalipo. Atafika apa adatsitsa mawu, nati ena mwa mafayilo amenewo adasaina okha.

Apa mpamene padali povuta. Khoswe adali pamkhate. Kampaniyo ndi imene inkawalipirira nyumba ndi sukulu ya mwana, anamwino anzawo adali anthu amene ankapemphera nawo, ndipo m'chinyengocho mudali dzanja lawo lomwe. Ndidawauza mosabisa kuti mwina adzayenera kufotokoza mbali yawo pamaso pa maloya a boma, kuti palibe chitsimikizo chakuti boma lidzautenga mlanduwo popeza milandu yambiri yotere limaisiya, ndiponso kuti lamulo limakondera amene wayamba kusuma, kotero kuzengereza kukadatha kuwatayitsa zonse. Adapita kwawo. Patatha masabata awiri adabweranso, ndipo ulendo uno adakhala pansi.

Chimene sukulu ya uloya sidandiphunzitse ndi kudikira. Mlandu wa qui tam umasumidwa mwachinsinsi. Bwalo limautsekera kuti boma lifufuze wosumiridwayo asadadziwe, ndipo woulula saloledwa kulengeza kuti wasuma. Papepala nthawiyi ndi masiku 60, koma maloya a boma amapempha kuti iwonjezedwe, n'kupemphanso, mpaka miyezi isanduke zaka. Wa mayi aja udakhala wotsekeredwa zaka zinayi. M'mawa uliwonse ankavala yunifolomu, n'kukapereka moni kwa bwana amene adamusumira. Lamlungu madzulo ankandiimbira foni, ndipo nthawi zambiri ndidalibe chatsopano chowauza. Tinkakamba za mwana wawo, za mvula, za gogo wa tomato uja. Poyamba ndinkaona ngati ndikutaya nthawi. Pambuyo pake ndidazindikira kuti pa zaka zonsezo, munthu yekhayo amene akadalankhula naye momasuka za chinthu chachikulu koposa m'moyo wawo ndidali ine.

Akuluakulu a kampani adayamba kuwakayikira. Adawasamutsira ku ntchito ya usiku, kenaka adawapezera tizifukwa, mpaka kalata yowachotsa ntchito idatuluka. Lamulo limaletsa kubwezera kotere, ndipo limati wochotsedwayo abwezeredwe pantchito ndi kupatsidwa kawiri malipiro amene adataya. Koma zimenezo zimadza bwalo likagamula, pamene lendi imafunika pakutha pa mwezi. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo adanena zoona. Chimene chimafota ndi munthu amene akudikira mlanduwo.

Nyuzipepala zimakonda kulemba za mphotho. Mu 2009 kampani ya Pfizer idavomera kulipira madola 2.3 biliyoni, makamaka kaamba kotsatsa mankhwala a Bextra pa ntchito zimene boma silidaloleze, ndipo John Kopchinski, wogulitsa mankhwala amene adaulula, adalandira madola oposa 50 miliyoni. Ochepa ndi amene amakumbukira kuti adachotsedwa ntchito mu 2003, nadikira zaka zisanu ndi chimodzi asakudziwa mathero ake. James Alderson, wowerengera ndalama pa chipatala china chaching'ono ku Montana, adachotsedwa ntchito mu 1990 atakana kusunga mabuku awiri osiyana a ndalama. Milandu imene idatsatirapo, yokhudza kampani ya zipatala ya HCA, idatha mu 2003. Awa ndi amene adapambana. Ambiri amene ndawaimira sadalembedwepo m'nyuzipepala, ndipo ena adatuluka chimanjamanja.

Sindingakane kuti nkhawa ya mayi anga ili ndi maziko. Ukaika mtengo pa kunenera mnzako, umaitana adyera pamodzi ndi olungama. Ndakanapo anthu amene adabwera ndi mkwiyo wokha popanda umboni, ndi ena amene maso awo adali pa peresenti basi. Ngakhale m'mabwalo a ku America mkangano ulipo: mu 2024 woweruza wina wa ku Florida, Kathryn Mizelle, adagamula kuti kupatsa munthu wamba mphamvu zosuma m'dzina la boma n'kosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo. Komabe ndaona kusiyana kumene sindingakufufute. Kazitape amanong'oneza wamphamvu za munthu wopanda mphamvu, ndipo dzina lake silidziwika mpaka kalekale. Wotsina khutu amene ndimamuimira amaloza chala kwa amene amamulipira. Chinsinsi chake n'chakanthawi. Tsiku limafika pamene dzina lake limaonekera pa mapepala a bwalo, umboni wake umapetedwa, ndipo woimbidwa mlandu amabwera ndi maloya ake kudzayankha.

Owerenga a kuchigawo chathu chino cha Africa akudziwa kuti kwathu kuulula kumadula kuposa ntchito. Babita Deokaran, mkulu wa zachuma mu dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng, adadandaula za malipiro okayikitsa a pa chipatala cha Tembisa. Pa 23 Ogasiti 2021 adawomberedwa pakhomo pa nyumba yake ku Johannesburg, akuchokera kokasiya mwana kusukulu. Padalibe peresenti imene ankayembekezera. Ndikamuganizira, ndimachita manyazi kuti chiyankhulo changa chidandipatsa liwu limodzi lokonzeka, la kazitape, loti ndimutchulire iye pamodzi ndi munthu amene adanenera malume anga.

Mlandu wa mayi aja boma lidautenga. Kampaniyo idalipira, koma monga zimakhalira kawirikawiri, sidavomere kuti idalakwa. Atachotsa msonkho ndi gawo langa, ndalama zimene zidatsala zidakwanira kumaliza ngongole ya nyumba ndi kuphunzitsa mwana. Ntchito ya unamwino m'tawuni imene ija sadaipezenso, ndipo anzawo ena mpaka lero amawapatuka akakumana m'sitolo. Funso lawo lija sadandifunsenso, ndipo ine sindidaliyankhe ndi pakamwa.

Chaka chotsatira ndidapita kumudzi. Malume adali atakalamba kwambiri. Tidakhala pakhonde madzulo, ndipo ndidawafotokozera nkhani yonse, popanda maina. Adamvetsera osadula mawu. Nditamaliza adafunsa kuti: "Anthu amene mayiyo adawanenerawo, adauzidwa amene wawanenera?" Ndidati inde, pamapeto pake adauzidwa. "Nanga adapatsidwa mpata woyankha?" Ndidati inde, ndipo adalemba maloya odula kuposa ine. Malume adayang'ana kumunda nthawi yaitali, kenaka adati: "Ine sindidauzidwe, ndipo palibe adandifunsa." Mayi anga adali pafupi, akusankha nyemba m'lichero. Sadanene kanthu, koma kuyambira tsiku limenelo, alendo akawafunsa ntchito ya mwana wawo, amaifotokoza osatsitsa mawu.